Mmene mungakonzere ulendo wa pamtsinje wokaona misika ya Khirisimasi ku Ulaya

Chaka chilichonse Novembala akamapita kumapeto, mizinda ya m'mbali mwa mitsinje ya Rhine ndi Danube imamanga timisasa tamatabwa m'mabwalo a pakati pa tauni. Mmenemo amagulitsa vinyo wotentha, masoseji owotcha, makandulo, makeke ndi zidole zosema. Mizinda imeneyi inakula motsatira madzi, n'chifukwa chake sitima yapamtsinje imatha kukufikitsani pafupi ndi misika yambiri popanda kusamukasamuka m'mahotela. Mumamasula chikwama kamodzi kokha, mukagona mumadzuka muli mumzinda wina. Maulendo ambiri amakhala a mausiku 7.

Msika wa Khirisimasi umakoma kukada. Masana ndi timisasa chabe pansi pa mitambo yotuwa, koma magetsi akayaka, makwaya akayamba kuimba ndipo eni mzinda akaweruka kuntchito n'kubwera kudzacheza, mpamene mumaona chimene munapitira. Choncho pa chilichonse chimene musankhe, dzifunseni kuti: kodi 5 koloko madzulo idzandipeza pamsika, kapena m'sitima itanyamuka kale?

1. Yambirani pa kalendala

Misikayi imatsata nyengo ya Adventi, masabata anayi okonzekera Khirisimasi. Lamulungu loyamba la Adventi limagwa pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala. Msika wotchuka wa ku Nuremberg umatsegulidwa Lachisanu loyandikana ndi Lamulungu limenelo ndipo umatsekedwa pa 24 Disembala. Misika yambiri ya ku Germany imatseka pa 23. Ina ya ku Vienna imayamba msanga, chapakati pa Novembala, pomwe ya ku Budapest imapitirira mpaka kumapeto kwa chaka.

Mukaona ulendo wa pakati pa Novembala wotsika mtengo, chenjerani: mwina mudzangopeza akalipentala akukhoma misomali. Ulendo wa sabata yeniyeni ya Khirisimasi nawonso ndi wina. Pa 24 masitolo amatseka masana, ndipo pa 25 ndi 26 ndi tchuthi ku Germany ndi ku Austria. M'sitimamo amakonza phwando labwino, koma misika yambiri imakhala itapasulidwa. Ine ndingakulangizeni masabata awiri oyambirira a Disembala. Ngati muli ndi ana aang'ono, dziwani kuti chakumayambiriro kwa mweziwu, makamaka madzulo a pa 5, m'madera a Austria ndi Bavaria (chigawo cha kum'mwera kwa Germany) mumatuluka anthu ovala zigoba zoopsa zanyanga zotchedwa Krampus, tsiku la Nikolasi Woyera lisanafike pa 6. Ena amasangalala nazo, ena amalira.

Nyengoyi ndi yaifupi ndipo sitima zambiri sizinyamula anthu opitirira 200. Malo amatha msanga. Yambani kufufuza chaka chikangoyamba.

2. Sankhani mtsinje

Rhine amayendedwa pakati pa Basel ku Switzerland ndi Amsterdam ku Netherlands. Mphamvu yake ili pa mizinda iwiri. Woyamba ndi Strasbourg, ku France, kumene msika wake unayamba mu 1570 ndipo mtengo waukulu wa Khirisimasi umaimikidwa pabwalo la Place Kléber. Kumeneko si timisasa tokha, misewu yonse ya m'tauni yakale imakongoletsedwa mpaka m'mawindo a m'mwamba. Wachiwiri ndi Cologne, kumene msika umodzi uli m'tsinde mwenimweni mwa tchalitchi chachikulu chimene anayamba kumanga mu 1248 n'kudzamaliza mu 1880, nsanja zake zotalika mamita 157. Misika ina ya mumzindawu, monga wa pa Alter Markt ndi Heumarkt, mumafikako wapansi. Pakati pa Rüdesheim ndi Koblenz mtsinje umadutsa m'chigwa chopapatiza cha makilomita pafupifupi 65, chodzaza ndi nyumba zakale zachifumu pamwamba pa mapiri. Sitima zambiri zimaimanso pa Breisach, pomwe basi imakutengani kupita ku Colmar. Koma musayembekezere msika waukulu wachikhalidwe ku Amsterdam. Chakumeneko ndi chionetsero cha magetsi m'ngalande za mumzinda.

Danube amayendedwa pakati pa Budapest ndi Passau, Regensburg kapena Nuremberg. Uku mumadutsa malikulu atatu a mayiko: Budapest, Bratislava ndi Vienna. Vienna yokha ili ndi misika yoti simungaimalize tsiku limodzi. Wa pa Rathausplatz ndi waukulu ndi wodzaza anthu, wa kutsogolo kwa nyumba yachifumu ya Schönbrunn ndi waulemu, ndipo wa m'tinjira ta Spittelberg ndi umene ungakukomereni ngati mumakonda ntchito zamanja. Ku Budapest misika ikuluikulu ili pa Vörösmarty tér ndi kutsogolo kwa tchalitchi cha Stefano Woyera, ndipo nyumba ya malamulo ikayaka magetsi usiku, palibe malo abwino oionera kuposa pamadzi. Pakati pa Krems ndi Melk pali chigwa cha Wachau cha minda ya mpesa. Passau ndi pamene mitsinje itatu imakumana: Danube, Inn ndi Ilz. Ku Regensburg kuli mlatho wamiyala wa m'zaka za m'ma 1100 ndiponso msika wa m'bwalo la nyumba ya banja la Thurn und Taxis, umene polowa mumalipira.

Nuremberg siili pa Danube. Sitima imafikako kudzera mu ngalande ya Main–Danube imene inamalizidwa mu 1992, yotalika makilomita 171.

Ndiye uti? Ngati chimene mukufuna ndi timatauni takale ta nyumba zamatabwa ndi zokongoletsa za mumsewu, tengani Rhine. Ngati mumakonda mizinda ikuluikulu, nyimbo za m'matchalitchi ndi misika yambiri tsiku limodzi, tengani Danube. Kwa munthu wopita koyamba, mtima wanga umatsamira ku Danube wofika ku Nuremberg, chifukwa Vienna ndi Budapest sitima zambiri zimakhalitsako mpaka usiku.

3. Werengani maola, osati mayina a mizinda okha

Apa mpamene anthu amaluzira ndalama. Kabuku kotsatsa malonda kamangolemba kuti "Tsiku lachinayi: Strasbourg", koma sikanena kuti sitima imafika 8 koloko m'mawa n'kunyamuka 4 koloko masana. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko ku Vienna ndi ku Budapest, ndipo cha m'ma 4:30 ku Cologne. Misika yambiri imatsegulidwa 10 kapena 11 koloko m'mawa n'kutseka cha m'ma 8 kapena 9 usiku. Sitima yonyamuka 4 koloko ndiye kuti yakuchotsani pa nthawi imene zinthu zikuyamba.

Musanalipire kanthu, lemberani kampani kapena wokukonzerani ulendo kuti akutumizireni nthawi yofikira ndi yonyamukira pa doko lililonse. Adzakuuzani kuti nthawizo zimatha kusintha, ndipo n'zoona, komabe zimakupatsani chithunzi. Kenako tengani pepala, lembani masiku onse, ndipo chongani masiku amene sitima ikhala padoko mpaka 8 koloko usiku kapena kugona pomwepo. Pa ulendo wa mausiku 7, mukapeza madzulo atatu kapena anayi otere, ndi ulendo wabwino. Onaninso tsiku la sabata limene mukafike ku Nuremberg, Strasbourg kapena Cologne. Loweruka madzulo kumeneko anthu amachita kupanikizana moti simungathe n'komwe kuyandikira kamsasa. Lamulungu misika ya Khirisimasi imakhala yotsegula, koma masitolo wamba ku Germany ndi ku Austria amakhala otseka.

Funsaninso kuti sitima imakocheza pati. Ku Cologne, Koblenz, Passau, Regensburg ndi Budapest nthawi zambiri mumatsika n'kuyenda wapansi. Za ku Strasbourg, sitima zambiri zimaima ku Kehl, tsidya la Germany, ndipo mumawoloka pa basi kapena pa tramu. Ku Vienna zambiri zimaima pafupi ndi mlatho wa Reichsbrücke, pomwe sitima yapansi panthaka ya U1 imakufikitsani ku Stephansplatz m'mphindi zochepa. Ku Nuremberg doko lili kunja kwa mzinda. Kumene kuli kutali, funsani kuti basi yomaliza ya kampani imabwerera nthawi yanji. Ngati imabwerera kusanade, phunzirani njira yobwerera nokha.

4. Kampani, chipinda ndi mtengo weniweni

Makampani odziwika amene amalankhula Chingelezi m'sitima ndi monga Viking, AmaWaterways, Avalon Waterways, Uniworld, Scenic, Emerald ndi Riviera Travel. Ena, monga A-ROSA ndi nicko cruises a ku Germany kapena CroisiEurope ya ku Strasbourg, mitengo yawo imatha kukhala yotsikirapo, koma tsimikizani chilankhulo cha ulendo umene mwasankhawo. Kukhala sabata yathunthu osamva zolengeza si nkhani yaing'ono.

Zambiri mwa sitimazi zimafanana kukula chifukwa ziyenera kukwana m'zipata zamadzi, malo opapatiza okwezera ndi kutsitsira sitima: zazitali kwambiri ndi mamita 135, m'lifupi mamita 11 ndi kanthu. Zipinda zapansi zili ndi kawindo kakang'ono m'mwamba, pafupi ndi madzi, ndipo ndi zotchipa. Zam'mwamba zili ndi chitseko chagalasi kapena kakhonde. Mu Disembala kakhondeko simudzakhalapo. Kunja kumazizira, kumada msanga, ndipo pamadoko otanganidwa sitima zimakocheza mogundana ziwiri kapena zitatu, moti mukatsegula katani mumaona chipinda cha anthu ena. Ndalama ya khondeyo ndi bwino muisunge, mukagonere usiku umodzi kapena awiri owonjezera mu hotela ku Budapest, Nuremberg kapena Basel, kumene madzulo onse adzakhala anu.

Poyerekeza mitengo, funsani zimene zili mkati: chakudya katatu patsiku, zakumwa, maulendo oyenda ndi wotsogolera alendo, galimoto yochokera ku bwalo la ndege, ndi ndalama yothokozera antchito, imene ena amaiphatikiza kale pamene ena amayembekezera kuti mupereke pomaliza. Ulendo wa tsiku lonse wopita ku Salzburg kuchokera ku Linz kapena Passau nthawi zina umakhala wolipira padera. Woyenda yekha amalipitsidwa ndalama yowonjezera chifukwa mtengo umawerengedwa pa anthu awiri m'chipinda. Funsani ngati pali masiku amene amaichotsa.

5. Viza ndi inshuwalansi

Wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique kapena South Africa amafunika viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya. Ubwino wake ngwakuti viza imodziyo imakwanira mayiko onse a maulendo awiriwa, kuphatikizapo Switzerland, Hungary ndi Slovakia. Abale okhala ku Britain, chilolezo chanu chokhalira kumeneko sichilowa m'malo mwa viza imeneyi. Koma amene ali ndi pasipoti ya Britain safunika viza pa ulendo waufupi chonchi.

Mumapempha kudzera ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri, ndipo ngati masiku akufanana, dziko limene mukayambire kulowa. Werengani masikuwo pa ndondomeko ya sitima, kenako fufuzani ofesi ya kazembe imene imalandira mafomu a dzikolo kumene mukukhala. Pasipoti ikhale yoperekedwa m'zaka 10 zapitazi, yokhala ndi masamba awiri opanda kanthu, ndiponso yotsala ndi miyezi itatu kapena kuposerapo kuchokera tsiku lotuluka ku Ulaya. Pamafunikanso inshuwalansi ya zachipatala ya mayuro osachepera 30,000, kalata ya kampani ya sitima yosonyeza madoko onse, umboni wa ndege ndi mahotela, mapepala a ku banki ndi kalata ya kuntchito kapena ya bizinesi yanu. Kuyambira mu Juni 2024 munthu wamkulu amalipira mayuro 90.

Mukhoza kupempha kutatsala miyezi 6, ndiye kuti mu Juni. Chitani zimenezo. Makampani a sitima amafuna ndalama yonse kutatsala miyezi ingapo, ndipo ikaperekedwa kubweza kwake kumavuta. Yesetsani kuti yankho la viza lifike tsiku lomaliza kulipira lisanakwane. Si inshuwalansi iliyonse imene imabweza ndalama viza ikakanidwa, choncho funsani ndipo akuyankheni polemba.

6. Fikani kutatsala tsiku

Kuchokera ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka mudzasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, mwinanso kachiwiri mu Ulaya. Ndege imodzi ikachedwa, kapena chikwama chokhala ndi majekete chikatsalira, sitima sidikira. Fikani tsiku limodzi kapena awiri patsogolo. Kumbukiraninso kuti mumayambira mzinda wina n'kuthera wina, choncho tikiti ikhale yolowera kwina n'kutulukira kwina.

7. Valani ngati munthu woima panja

Kuzizira kwake kumakhala pakati pa madigiri 0 ndi 5, usiku kumatsika kupitirira apo. Ganizirani m'mawa wa ku Dedza mu Juni, kenako chotsanipo dzuwa limene limadzakuwothani 10 koloko. Chipale chofewa sichigwa chaka chilichonse mu Disembala. Kawirikawiri ndi chifunga ndi mvula yowaza. Choncho jekete ikhale yosalowa madzi, yofika m'ntchafu. Mkati valani zopyapyala zingapo zosanjikiza, kuyambira ndi zamkati zogwira thupi zosunga kutentha, chifukwa m'sitima, m'mabasi ndi m'masitolo mumatentha ndipo mudzafuna kuvula zina.

Pamsika simuyenda kwambiri, mumaima, ndipo kuzizira kumalowera kumapazi. Nsapato zikhale za pansi pokhuthala pa labala, zokwana masokosi aubweya, zimene mwaziyendera kale. Misewu yakale ndi ya miyala yoyala, imaterera ikanyowa. Onjezani chipewa chophimba makutu, sikafu, magolovesi ndi mafuta opaka pakhungu ndi pamilomo. Majekete okhuthala abwino amapezeka pa kaunjika, ndipo mukhoza kuwasaka pang'onopang'ono chaka chikamayenda. Jekete, chipewa ndi mankhwala anu zikhale m'chikwama cha m'manja. Tenganinso adaputa, popeza mapulagi a kumeneko ndi a timano tozungulira, osati atatu athu aja.

8. Za m'sitima

Madzulo aliwonse woyang'anira ulendo amafotokoza za mawa. Musaphonye, chifukwa mpamene amanena nthawi imene aliyense ayenera kukhala atakwera. Sitima imakhala ndi nthawi yake yodutsira pazipata zamadzi, ndiye singadikire munthu amene watsalira pamzere wa masoseji. Potuluka nyamulani kakhadi kokhala ndi dzina la sitima, nambala ya foni ndi malo amene yakocheza. Nthawi zina sitima imasuntha inu muli m'tauni n'kukakudikirani padoko lina.

Mtsinje ulibe mafunde, choncho musaope chizungulire. Chimene chingasokoneze ulendo ndi kuchuluka kwa madzi. Akachepa, monga zinachitikira mu 2018, sitima sidutsa malo ena. Akachuluka, silowa pansi pa milatho. Zikatero kampani imakusamutsirani m'sitima ina kapena kukuyendetsani pa basi. Werengani zimene mgwirizano wanu ukunena pa nkhaniyi musanasaine. Pa ngalande ya Main–Danube pali zipata 16, zina zokweza sitima pafupifupi mamita 25, ndipo denga la sitima nthawi zambiri limatsekedwa chifukwa milatho yake ndi yotsika. Koma pa chigwa cha Rhine ndi cha Wachau, valani zonse zimene muli nazo mukwere pamwamba. Kuonera kuseri kwa galasi sikufanana.

Ulendo wa m'mawa woyenda ndi wotsogolera upiteni, ukuthandizani kudziwa njira. Masana bwererani mukapume ndi kutenthetsa thupi, kenako mutulukenso cha m'ma 3:30. Chakudya chamadzulo cha m'sitima chimakhala pa nthawi imodzi kwa onse, cha m'ma 7 koloko. Pa masiku amene sitima ikugona padoko, musachite mantha kuchisiya mukadyere pamsika. Ingowauzani antchito.

9. Pamsika

Nyamulani ndalama zogwirika, makamaka zing'onozing'ono. Timisasa tina timalandira khadi, tina ayi, ndipo zimbudzi za m'tauni n'zolipira. Germany, Austria, France, Netherlands ndi Slovakia amagwiritsa ntchito yuro, Hungary ili ndi forint, Switzerland ili ndi franc yake. Chikwama cha ndalama chikhale m'thumba lamkati la jekete, chifukwa pamene pali chipiringu sipalephera opisa m'matumba.

Mukagula Glühwein, vinyo wofiira wotenthetsedwa ndi zonunkhiritsa, adzakulipitsani mayuro angapo owonjezera ngati chikole cha kapu. Mukabweza kapuyo amakubwezerani ndalamayo. Ena amapereka kandalama kapulasitiki koti mubwezere limodzi, musakataye. Mukaikonda, itengeni, chikolecho ndiye mtengo wake. Msika uliwonse uli ndi kapu yakeyake. Amene samwa mowa apemphe Kinderpunsch, imene ilibe mowa koma imatenthetsa manja chimodzimodzi.

Idyani cha pamalopo. Ku Nuremberg ndi timasoseji titatu m'kabanzi kamodzi ndiponso makeke onunkhira a Lebkuchen. Ku Cologne ndi Reibekuchen, zitumbuwa za mbatatesi yopala zodyera maapozi ophika. Ku Strasbourg ndi timabisiketi ta bredele ndi tarte flambée, buledi wopyapyala wokhala ndi kirimu ndi anyezi pamwamba. Ku Vienna ndi mtedza wa maroni wowotcha pambaula. Ku Budapest ndi lángos, buledi wokazinga m'mafuta, ndi kürtőskalács, buledi wotsekemera wokulungidwa pa mtengo n'kuwotchedwa. Kwa abale achisilamu, a Seventh-day ndi ena amene sadya nkhumba: masoseji ambiri ndi a nkhumba, ndipo tarte flambée imawazidwa tinyama ta nkhumba. Funsani musanagule. Nsomba ya salimoni yowambidwa pathabwa pafupi ndi moto imapezeka m'misika yambiri ya ku Germany.

Pogula mphatso musathamangire kamsasa koyamba. Zinthu zambiri zonyezimira n'zopangidwa m'mafakitale ndipo mudzazionanso mumzinda uliwonse. Zamanja zenizeni mumazidziwa chifukwa wogulitsa amatha kukuuzani amene anazipanga ndi kumene akukhala. Zoseweretsa zamatabwa za kumapiri a Erzgebirge, nyenyezi zamapepala zopindika, ndi tianthu topangidwa ndi zipatso zouma ta ku Nuremberg ndi zina mwa zoyenera kusaka. Koma mukaona chinthu cha mzinda umenewo wokha chimene mtima wachikonda, gulani pomwepo, sitima sibwerera m'mbuyo.

Siyani malo m'chikwama pochoka kunyumba. Makapu muwalowetse m'masokosi, zokongoletsa zagalasi muzinyamule m'manja zili m'kabokosi kolimba, ndipo timipira tagalasi tokongoletsera tokhala ndi madzi mkati, pamodzi ndi mabotolo a vinyo, tilowe m'chikwama chachikulu chifukwa pachipata cha ndege angakulandeni. Masoseji ndi tchizi musagule zopita nazo musanafufuze malamulo a dziko limene mukubwerera ndi limene mukasinthire ndege.